Nyama Yosowa ya ku Greenwich

Ndiyambe ndi kuvomera: ndinawanamiza apongozi anga pa chakudya, ndipo bodzalo ndinakhala nalo zaka zitatu. Inu anzanga a kutchalitchi amene mumandiona ndikuyambitsa nyimbo nditamanga tayi, dziwani kuti munthu yemweyu anaitanitsapo nyama yaiwisi n'kumati ndi ulemu.

Ine sukulu ndinalekeza Giredi 7 pa famu ina kufupi ndi Chinhoyi, kumene bambo anga anafikira atachoka ku Dedza. Chingerezi changa ndi chotolatola, china m'kalasi, china kugalaja kumene ndinkatsuka mabasi. Koma kunyumba kwathu ku Thamesmead ndinkayenda ngati London ndinamanga ndine. Mkazi wanga Esnati, amake Tadala, anandipeza kuno patapita zaka ziwiri, ndiye ngakhale ankaphunzira za unamwino, ine ndinkaona kuti wodziwa zinthu m'nyumbamo ndi mmodzi yekha.

Chaka china mayi ake anabwera kudzaona mdzukulu, m'Januwale, kuzizira kolowa m'mafupa kuja, dzuwa lolowa anthu asanaweruke. Mnzanga wina kuntchito anandionetsa nyuzipepala. Akuti malo odyera ambiri mumzinda ali pa chikondwerero cha zakudya, mbale zitatu pa mtengo umodzi, mapaundi khumi munthu mmodzi, ngakhale malo aja amene ife masiku onse timangodutsa panja n'kumawerenga dzina. Ndinati eya, apongozi akabwerera akanene kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu.

Amake Tadala anandichenjeza. "Inu, mayi sadyera pamodzi ndi mkamwini. Mukufuna akakhale pati?"

"Kuno ndi ku London," ndinayankha, ngati London ndi mankhwala.

Palinso china chimene muyenera kudziwa. Apongozi anga ndi a mpingo wa zovala zoyera, magazi sayandikira. Uwende sanalawepo chibadwire, nkhuku ikapanda kuzingidwa bwino amaisiya. Zonsezi ndinkazidziwa. Sindinganene kuti sindinkadziwa.

Loweruka masana mwana tinamusiya kwa aneba, ife pa basi mpaka ku Greenwich. Malowo anali abwino ndithu, nsalu zoyera, mafoloko ambiri ngati tikukapalira. Koma tebulo lake, abale, kanali kakang'ono moti maondo anga anatsala pang'ono kukhudza a apongozi. Iwo anatembenuza mpando pang'ono, ine n'kuyang'ana pazenera kumtsinje, Esnati pakati pathu ngati mpanda.

Panabwera mtsikana woperekera zakudya ndi kapepala. Pa mbale iliyonse munthu asankhe chimodzi mwa zitatu. Kodi ndinafunsa aliyense? Ndifunsirenji, ine mwini London? Ndinasankhira onse: supu, nyama ya ng'ombe, keke.

Kenako mtsikanayo anafunsa kuti nyamayo aikonze bwanji, n'kutchula mawu atatu mofulumira. Ine ndinagwirapo amodzi okha: "rare". Mtima unati phee. Mawu amenewa ndinkawadziwa! Aphunzitsi athu a Giredi 6 anawalemba pabolodi, "rare", chinthu chosowa, chosapezeka wamba, ngati golide. Ndiye apongozi abwera ulendo wonsewu, ndiwapatse nyama wamba?

"Rare," ndinatero. "Tonse atatu. Very rare."

Mtsikanayo anandiyang'ana, n'kufunsanso ngati ndatsimikiza. Esnati ananditsina pantchafu.

"Bambo a Tadala, mawu amenewo pa nyama amatanthauza kuti..."

"Iwe, khala chete. Ndege wakwera dzana lomweli, lero undiphunzitse chingerezi?"

Iwe. Pamaso pa mayi ake, ndi pamaso pa mlendo. Chikwatirane ndinali ndisanamutchulepo choncho pagulu. Anangopinda manja n'kuyang'ana nsalu ya patebulo.

Supu anabwera wochepa ngati woti tilawe mchere, tinamwa. Kenako nyama ija. Kunja inkaoneka bwino, yawauka pang'ono. Nditangoidula, mayo ine! Mkati munali mofiira ngati ng'ombeyo yangochoka kudambo, magazi n'kuyenderera mpaka kukalowa m'mbatata. Pomwepo ndinadziwa chimene mkazi wanga ankafuna kundiuza.

Apongozi salankhula nane mwachindunji, ndiye anauza mwana wawo chapansipansi: "Tawafunsa bambo, chofiirachi n'chiyani?"

Apa ndi pamene munthu woopa Mulungu akanati, amayi ndalakwitsa, tiyeni tibweze akaiotchenso. Mtsikana uja anali pomwepo. Koma ndikanavomera, ndiye kuti amene ndinamukhalitsa chete uja ndiye ankanena zoona. Ndinasankha bodza.

"Auze amayi kuti ndi msuzi wa tomato. Azungu amaubayira mkati."

Esnati anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mayi ake.

"Akuti ndi msuzi wa tomato."

Akuti. Mawu amenewo anawatsindika ngati akukhoma msomali.

Ine ndinadya yanga yonse, maso pazenera, poti mkamwini sayang'ana apongozi akudya. Nyama yozizira mkati, yoterera, yokana kutafunika, ine n'kumagwedeza mutu kuti anthu aone kuti ndikumva kukoma. Maboti anadutsa atatu ndikulimbana nayo. Pamene keke imabwera ndinaponya diso mwakuba: mbale ya apongozi inali mbee. Adya. Mayi amene anasunga lumbiro lawo zaka zonsezo pa famu, m'njala ndi m'maliro, ndawadyetsa magazi ine chifukwa cha mawu a Giredi 6.



Anthu amaseka ndikafika apa, koma ine sindinkaseka. Apongozi atabwerera kwawo anayamba kudwala miyendo, ine n'kumati ndi nyama ija. Pa Mgonero ndikaona chikho ndinkaopa kuchilandira. Esnati sanaitchulenso nkhaniyo, koma kuyambira tsiku limenelo ndikafunsa tanthauzo la kalata ya kukhansolo ankangoti, "Odziwa chingerezi ndinu." Kalata zina ndinkapita nazo kugalaja kuti anzanga andiwerengere, mkazi wophunzira ndili naye m'nyumba.

Patapita zaka zitatu apongozi anabweranso, titalandira mwana wachiwiri. Tsiku lina Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinati lero ndi lero. Iwo anali pabalaza ndi khanda, Esnati akusita. Ndinakhala pansi pakhomo la pabalaza, chammbali, n'kuwomba m'manja.

"Amake Tadala, auzeni amayi kuti ndili ndi mlandu. Tsiku lija ku Greenwich, sunali msuzi wa tomato. Anali magazi. Ndinawadyetsa chimene mpingo wawo umaletsa, ndikudziwa."

Kenako ndinamva kamawu ngati munthu akutsamwa. Apongozi anali ataphimba kukamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatire mwana wawo anandiyankha okha, osadzera mwa munthu.

"Bambo, ine ndagwira ntchito m'khitchini ya mzungu wa pa famu zaka makumi awiri. Nyama yotero ndaotcha ndi manja angawa. Mutangoti 'rare' ndinadziwa kuti lero kuli ntchito."

"Nanga mbale ija, amayi?"

"Inu maso anali kumtsinje. Ndinaikulunga m'kansalu kopukutira kukamwa, n'kuponya m'chikwama. Ya mwana wanganso chimodzimodzi. Mawa lake ndinaitsuka, n'kuikazinga bwinobwino ndi anyezi. Munadya ndi mpunga inu nomwe, mpaka munatumiza mawu akuti nyama ya ku bucha ya ku Woolwich ndiye nyama, osati zija za dzulo."

Zaka zitatu, abale! Kusala kudya, kuopa chikho, kudziimba mlandu wa miyendo ya nyamakazi, pamene tchimo langa ndinalidya ndekha ndi mpunga n'kupemphanso lina. Kuyambira pamenepo ndinalumbira: sindidzasankhiranso munthu chakudya, ndipo woperekera akatchula mawu atatu, ine ndimayang'ana mkazi wanga.

Ndinayamba kudzuka, mtima utapepuka, koma apongozi anali atasiya kuseka.

"Khalani kaye, bambo. Ine simunandilakwire, magazi sanandikhudze. Kansalu ka eni ake kaja ndiye kandivutitsa ine, ndinakapempherera kale. Koma pali munthu amene munamuti 'iwe' pamaso panga. Ameneyo sanaike mawu anu m'chikwama. Anameza."

Simbi inali itaima. Esnati anali chilili, malaya anga a kuntchito ali m'manja, osandiyang'ana. Ndinatembenuka n'kugwada pomwepo, pakhomo la pabalaza, mayi ake akumva.

"Amake Tadala, inu munkadziwa, ine sindinkadziwa, ndipo ndinakukhalitsani chete kuti ndioneke wamkulu. Ndinakuchititsani manyazi pamaso pa amayi. Pepani. Ndikhululukireni."