Mpata wa Temwa

Lolemba
Kasowa! Kapulasitiki koonekera mkati kaja, kamene Temwa amavala m'kamwa kuti mano asabwerere mwakale. Zaka ziwiri mwana wanga ali ndi mawaya m'mano, ine kukwera naye minibasi mwezi ndi mwezi kuchokera kuno ku Henga, m'boma la Rumphi, mpaka ku Mzuzu, cholinga mpata wa mano akutsogolo utsekeke. Unatsekekadi. Lero kabokosi kake kali pululu, mwini wake akungoti, "Kaya, amama."
Adokotala pa foni akuti mano akapanda chogwirira amayamba kuyenda. Kakapanda kupezeka tipite Lachisanu akamuyeze kena.
Pulani: kusesa nyumba yonse, kufunsa anthu, osakalipa.

Lachiwiri
Zomwe zatuluka pansi pa bedi ndi kuseri kwa kabati:
masokosi atatu osafanana,
supuni yomwe ndinkaganizira aneba kuti anaba,
malemu buluzi.
Kapulasitiki ayi. Kukalipa ndakalipa kale.
Ndikulemba uthenga pa gulu la pa foni la amayi a mpingo. Ine wa ku Dedza, zaka khumi ndi zisanu ku Rumphi, ndati lero ndiwapatse ulemu, ndilembe m'Chitumbuka. Dzina la kanthuka sindilidziwa ngakhale m'Chichewa, ndiye ndangofupikitsa: "Mino ghithu ghazgeŵa."

Lachitatu
Temwa akuwerenga uthengawo, akugubuduka pa mphasa. "Amama, mwalengeza kuti mano athu asowa!"
N'chifukwa chake! Pa msika aliyense akundipatsa moni akuyang'ana pakamwa panga. Wogulitsa chimanga chootcha wandisankhira yekha chanthete. Ndikusekerera dala mano onse pamtunda kuti aone, koma zikungooneka ngati ndapeza ena.
Ndamuyeza Temwa. Pepala likulowa pakati pa mano.

Lachinayi
Kwabwera aNyaChirwa, mayi wachikulire wa mu mpingo mwathu, wapansi ulendo wonse dzuwa lili pamutu. Akumasula mpango pang'onopang'ono. M'katimo mano oikirira a malemu amuna awo, am'mwamba ndi am'munsi!
"Anali aukhondo chomene adada aja. Mungowatsuka ndi mchere."
Ndingakane bwanji? Ndagwada, ndalandira ndi manja awiri, ndathokoza kuti yewo. Akudikira kuti ndiyese. Ndathawira kukatereka tiyi.

Lachisanu
Mzuzu. Tadzuka m'mamawa, minibasi kuima paliponse pamene munthu wakanda m'mutu. Tafika, mlembi akuti adokotala aitanidwa mwadzidzidzi ku msonkhano ku Lilongwe, tibwere sabata ziwiri zikatha. Sabata ziwiri! Mano amva zimenezo?
Pobwerera Temwa akudya chipisi, mtima uli m'malo zedi. Mwana wotaya chinthu sakhala chonchi. Ndatopa, sindikufuna kuziganiza.

Loweruka
Ndakumbukira kuti sabata yatha Temwa ankathandiza kusankha fodya kwa ankhazi ake, mlongo wa bambo ake. Mwina kanagwera m'belo. Ndawachonderera, amasula belo losokedwa kale. Tafwanthula tsamba ndi tsamba, tonse kuyetsemula. Palibe.
Ankhazi akusokanso belo, osandiyang'ana. "Mulamu, mukulimbana ndi chiyani? Atsikana ena amaufuna mpatawo osaupeza."
Tsopano pakati pa mano a Temwa ulusi wopota ukudutsa bwinobwino. Zikundiwawa, ndisaname. Ndinkafuna kuti mwana wanga asadzabise pakamwa poseka ngati mmene ndinkachitira ine ku sukulu.

Lamulungu
Ndikupolisha nsapato za ku tchalitchi. M'nsapato ya sukulu ya Temwa chala chagunda kanthu kokulunga m'pepala. Ndi komweko!
Sakukana. Ndamuuza avale. Akukankha, akukankha, sikakulowanso.
"Amama, paja munawauza anzanu kuti adada munawakondera chiyani?"
Ndiye kuti ankamvetsera mwanayu. Bambo ake ali pakhomo akumanga tayi, aphulika chiseko, mpata wawo uli poyera woti n'kudutsa njere ya mpunga. Womwewo umene unandisamutsa ku Dedza.
Ndangoti tiyeni, tichedwa.
Ku Mzuzu tidzapita kukawafotokozera adokotala, koma ndikudziwa kale kuti ndagonja. Ali patsogolo awiriwo akuseka, ine pambuyo ndi mabuku a nyimbo. Pakamwa sindivomera, ndingolemba muno: mpatawo ukumukhala mwanayu.