Bokosi Lalitali la ku Nathenje

Lolemba

Njinga yapita. Ndaigulitsa m'mawa uno pa Mitundu kwa mkulu wina wamakala, ndabwerera wapansi, mpamba uli m'sokosi. Mkazi wanga Nachisale akuganiza kuti ili kokonzetsa.

Ndilembe chifukwa chake, ndingadzaiwale ndikadzalemera. Chikwatirire ndili pachikamwini pano, kwawo kwa mkazi. Munda wa apongozi ndaulima mpaka khasu likundidziwa dzina. Kwathu ku Nathenje amayi akukalamba okha, nyumba yomwe ndinamanga akugonamo ndi mileme. Ndinapempha chitengwa, kuti ndimutenge Nachisale tikakhale kwathu. Amalume ake, a Kachiza, omwe ndi eni mbumba, anati: "Tionetseni kaye kuti mwana wathu sakafa ndi njala. Tikamba Lamulungu ndikatuluka m'chipatala." Ali gone kuchipatala cha mishoni, mwendo unatupa.

Nzeru yandipatsa ndi Yohane, mnzanga wogulitsa kaunjika. Akuti masiku a matipate ano wolemera ndi wogula n'kugulitsa, khasu ndi la ogona. Mawa ku Nathenje kuli okushoni. Mwini sitolo ina ya m'tauni anasungitsa katundu wake kumeneko n'kusowa, ndiye osungawo atopa, akugulitsa mabokosi ali chitsekere. Ugule, ukatsegule kwanu, ugulitse zam'katizo. Aphunzitsi akuti kunja azungu amagulitsa zoterezi pa kompyuta osadzuka pampando. Sindikumvetsa kuti katunduyo amadutsa bwanji mu waya. Ine ndikayala pansi pamsika.

Zomwe ndikuyembekeza:
makina osokera
mawailesi
nsapato, makamaka zoyenderana

Lachiwiri

Okushoni ya fodya ndimaidziwa, ogula amagwira tsamba n'kulinunkhiza. Iyi ayi. Ukangoyandikira bokosi, mlonda akukuloza ndi ndodo. Wogulitsa akuyankhula ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Ndakweza mkono kuti ndifunse chomwe akunena, iye wamenya tebulo, anthu aomba m'manja. Akuti ndagula.

Mwamwayi ndi lomwe ndimalifuna, lalitali kuposa onse, la matabwa. Ndaligwedeza, m'kati mukugunda zinthu. Mtima uli m'malo.

Ndakweza pa matola. Ndaliphimba ndi nsalu yoyera kuopa fumbi, ndakhala pambali pake nditaligwira, chipewa ndavula kuopa mphepo. Dalaivala akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha maenje. Anthu apanjinga akutsika tikamadutsa, amayi akupatuka n'kugwada. Ndikuona kuti ulemu wa bizinesi umayamba msanga.

Tafika pamudzi dzuwa litapendeka, maso anga ali psuu ndi fumbi. Apongozi aona galimoto, aponya lichero pansi, ayamba kulira. Amayi onse atsatira. Nanga ine nditani? Ndikuganiza kuti kwagwa zovuta ine ndili kumalonda. Apongozi sungawafunse, timathawana. Ndayamba kulira nawo, kulira kwenikweni, osadziwa womulira. Amuna anayi atsitsa bokosi langa mwaulemu n'kukalilowetsa m'nyumba ya a Kachiza. Ndathokoza mumtima kuti ngakhale pachisoni akundisamalira katundu.

Ndafunsa chapansipansi kwa mlamu wanga kuti watisiya ndani. Iye: "Alamu, mwabwera nawo nokha, mukufunsanso?"

Ndikuti ndiyankhule, ndaona mbuzi ya a Kachiza, yaikulu ija, ili kale pamtengo akuisenda. Nachisale ali m'nyumba ndi amayi anzake, sindingamufikire. Wina wandipatsa nkhwangwa, akuti mkamwini pamaliro ndi wa nkhuni. Ndapita kunkhuni.

Lachitatu

Masamba ali pamsewu. Amithenga anapita kale kwa abale akutali. Adzukulu, okumba manda, alawirira ndi makasu. Ndayesa kuuza mkulu mmodzi kuti m'bokosimo mwina muli mawailesi. Wandigwira paphewa: "Limbani mtima, chisoni chimasokoneza mutu."

Yafika nthawi yoona nkhope. Azula misomali. Inenso ndasuzumira, chifukwa ndine ndekha amene ndikufunitsitsa kudziwa.

Muli mayi wachizungu. Wamtali, wopanda tsitsi, wopanda chovala, akumwetulira. Pambali pake pali mikono ina itatu yapadera, yonse yakumanzere.

Nyumba yatsala yokha. Apongozi, omwe amati nyamakazi yawamaliza, ndawaona akulumpha mpanda. Atibweza ndi aphunzitsi. Agogoda mayiyo pamphumi ndi chala, kwamveka ngati chigubu. Akuti ndi chidole cha m'sitolo, amachiveka madiresi n'kuchiimika pawindo kuti odutsa asirire. Ndafunsa za mikono yapaderayo. Akuti zimenezo sanaphunzire.

Ndafotokoza zonse, njinga yomwe. Palibe waseka. Vuto tsopano ndi dzenje, lakumbidwa kale, ndipo manda sakwiriridwa opanda kanthu. Ena akuti tingoikamo mayiyu nkhani ithe. Ndakana, ndagona pabokosi. Umenewu ndi mpamba wanga! Akwirira thunthu la nthochi monga mwa mwambo. Adzukulu atenga tambala wanga, akuti thukuta lawo silipita chabe. Nyama ya mbuzi yadyedwa yonse, poti ikanaonongeka. Nanenso ndadya. Sindikudziwa ngati ndinayenera.

Nachisale wangonena mawu awa: "Ndalira mpaka mawu kutha, kulirira chigubu."

Lachinayi

Nachisale wakana kuti mkazi wamaliseche akhale m'nyumba mwake. Wamuveka chitenje chake chakale ndi duku. Atamaliza waima patali, wamuyang'ana, wakwiyanso. Akuti chitenjecho chikumukhala bwino kuposa mwini wake. Ndati si zoona. Akuti ndayankha mochedwa.

Ndamusenza paphewa mpaka pamsika wa Mitundu, mikono ili m'thumba. Ndi wopepuka koma sapindika. Ndamuimika pa benchi ya Yohane, tamuveka jekete la kaunjika. Yohane akuti tikope ogula ngati m'tauni, zikayenda amugula.

Zomwe zachitika:
Anthu adzaza, koma aima patali.
Mayi wina wachikulire wagwada, wapereka moni, wadikira. Wachoka akunena kuti azungu a masiku ano alibe mwambo.
Wina wafunsa ngati ndi wa chipani chatsopano, akugawa chiyani.
Wotolera msonkho akuti tili awiri pa benchi, tilipire awiri.
Jekete silinagulidwe. Akuti ndani avale chovala chovula pa munthu wosaphethira.

Yohane wataya tsiku lonse osagulitsa ngakhale sokosi. Akuti: "Achimwene, ine ndinati mugule bokosi, sindinati ili." Ndamukumbutsa kuti onse anali otseka. Akuti pamenepo ndiye pamafunika nzeru. Sindikumvetsa, ndipo ndayesetsa.

Kwabwera telala wina, wayang'ana, wafunsa ngati mayiyu amakhala pansi. Ndati ayi. Akuti shopu yake ndi yaifupi denga.

Lachisanu

A Kachiza atuluka m'chipatala. Abwera okha ndi ndodo, mwendo uli m'bandeji, palibe anawauza kanthu. Panjira akumana ndi abale ochokera kutali atasenza ufa wa pamaliro, omwe uthenga wachiwiri woti maliro kulibe sunawapeze. Akuti ufa uli mbwee mumsewu mpaka pano, abalewo sakudziwika komwe alowera.

Ine ndaonera pa mpata wa nkhokwe. A Kachiza aima pakhola nthawi yaitali. Kenako apempha kuti awaonetse manda awo. Apita, abwerako, akhala pakhonde. Sanakalipe, ndipo chimenecho ndiye chikundiopsa. Angofunsa zinthu ziwiri: analira kwambiri ndani, ndipo chiwindi cha mbuzi anadya ndani. Pa funso loyamba anthu atchula ine. Pa lachiwiri atchulanso ine, pomwe ndinangolawa.

Atumiza mawu kuti za Lamulungu zilipobe.

Ndili ndi mantha, ndinene zoona. Ndikapanda kugulitsa mayiyu mawa, ndikaima pamaso pawo wopanda njinga, wopanda tambala, wopanda chonena. Nachisale wandiikira madzi osamba. Ofunda ndithu. Kaya ndi chikondi, kaya ndi chizolowezi.

Loweruka

Ndabwerera ndi mayi wachidole uja ku Nathenje kuti mwina eni okushoni amulandira. Kondakitala wa minibasi akuti pamwamba sakweza munthu, m'kati alipire mpando. Ndati si munthu. Akuti nanga wavaliranji duku? Tayenda atagona pamiyendo ya anthu anayi, mapazi ali pawindo.

Kosungira katundu kuja n'kotseka. Mlonda akuti chogula pa okushoni sichibwerera, ndipo amene anagula bokosi loyandikana ndi langa anapezamo makina osokera awiri. Sindinamufunse zimenezo.

Malonda oyamba! Kondakitala yemwe uja wagula mkono umodzi. Akuti aziutulutsa pawindo poitana okwera, wake umatopa. Zomwe wandipatsa zakwanira chipisi. Ndadya nditaima, mayiyu atatsamira mtengo.

Poti ndafika kale kufupi, ndati ndikawaone amayi. Apa ndiye ndalakwitsa. Maso awo anachita ng'ala, amaona zinthu ngati mu utsi. Andiona ndikubwera ndi munthu wamkazi wovala chitenje cha Nachisale. Aimirira, alulutira, ayamba kuvina ndi ndodo yawo. "Mwanditengera mpongozi wanga! Ndiye mwachita kumunyamula, wadwala?" Nyumba yanga ija anaizira kale, mileme anaithamangitsa, pakhomo anasesa. Akuti akhala akukonza chimvereni za Lamulungu.

Ndawagwiritsa dzanja lake kuti amve okha. Aligwira nthawi yaitali. Kenako akhala pansi, ati: "Chabwino, mwanawe. Nyumba ndiziisesabe."

Pobwerera sindinakangane ndi kondakitala aliyense. Ndalipira mipando iwiri. Chisoni chandigwira chenicheni, choposa cha Lachiwiri chija.

Lamulungu

Takhala pansi pa mtengo wa mango titachoka kutchalitchi. A Kachiza pampando, mwendo pa mtondo. Apongozi chakumbali atandifulatira. Nachisale maso pansi. Mayi uja amuimika pakati ngati mboni, akumwetulirabe.

A Kachiza ayankhula mofatsa. Akuti pa moyo wawo aona akamwini aulesi, akamwini oledzera, koma woika mwini mbumba m'manda ali moyo ndi woyamba uyu. Akuti sakukwiya, chifukwa ndi anthu ochepa amene amamva okha mmene anawalirira. Koma mwana wawo sangapite ndi munthu wogula chinthu asanachione. Ndinafuna kunena kuti pa okushoni ndi mmene amachitira. Ndangoyang'ana pansi.

Chigamulo: mbuzi ibwerere pakhola, ibereke, ndiye tidzakambenso. Chaka chino ayi, chamawa kaya.

Kenako aloza mayi uja ndi ndodo: "Koma kuti musabwerere chimanjamanja, uyu mutha kumutenga chitengwa. Ameneyu alibe malume."

Anthu aseka. Nachisale sanaseke. Madzulo wandiuza kuti mbuzi yake yaing'ono, yomwe anamupatsa bambo ake, ikakula tidzaipereka, ndipo mwezi wamawa apita yekha kukawaona amayi. Wawonjeza kuti ndikadzagulanso chotseka, ndidzalowemo ndekha. Ndavomera zonse.

Ndati bola ndikamusiye mayi uja ku Nathenje, nyumba yozirayo isakhale yopanda munthu. Ndapita pa mango paja, palibe. Mlamu wanga akuti apongozi amutenga kale, amuimika kudimba, mkono umodzi m'mwamba, ndipo chifikireni apusi sanatsike mumtengo. Akuti sachoka pamenepo mpaka chimanga chikhwime, chifukwa pabanja pano sanaonepo mlendo wolimbika ntchito chotere.

Ndiye ngakhale ameneyo chitengwa chakanika. Mikono iwiri yatsalayo ndaiika pansi pa bedi. Mawa ndikupalira kudimba komweko, pafupi naye.