Nkhope Imene Apongozi Sanaionepo

Lolemba

Pepani inu amene mungatole kope ili. Mulibe nkhani ya phindu, ndi mavuto anga chabe, ndipo sukulu sindinapite nayo patali. Mukatopa tsekani.

Fanuwelo, mwana wanga amene ali ku migodi ku Joni, watumiza mawu kudzera mwa a Saidi, anzake a ku ntchito amene ali kuno pa tchuthi. Akuti nkhope yanga yayamba kumusokonekera m'mutu, ndimutumizire chithunzi. Mwana wobala ndekha! A Saidi akukwera sitima pa Nkaya Lolemba likudzali. Wojambula wa ku Balaka akuti filimu inatha, sakudziwa kuti ibwera liti.

Esinati, mwana wanga wamkazi, akuti ndisadandaule, amuna ake andijambula ndi penti pa kathabwa. Apongozi angawo, a Makwinja, ndiwo amalemba pa makoma a magolosale. Ketulo ya pa khoma la tiirumu ya pa siteshoni anajambula ndi iwo, ndipo aliyense amavomereza kuti ndi ketulo. Mtima uli m'malo.

Lachiwiri

Chithunzi chabwera. Esinati wachiimika pa khonde, wathawira kuseri kukaseka.

Zimene ndikuona:
Mapazi ndi anga enieni, ndi ming'alu yomwe.
Duku ndi langa, koma mfundo ya kumbuyo ili kutsogolo.
Thupi ndi nkhokwe. Nkhokwe yathu yomweyi, ndi tsindwi lake!
Nkhope palibe. Pali mtambo, ndipo mu mtambomo mukutuluka nkhuku.

Ndakhala pansi kaye. Kenaka ndamvetsa. Chibwerereni pa mudzi pano apongozi sanandiyang'anepo kumaso, inenso sindinawayang'anepo. Tikakumana pa njira iwo amapatukira uku, ine uko, moni timapatsana titafulatirana. Pakakhala nkhani ndimalankhula ndili kuseri kwa nkhokwe. Ndiye munthu wajambula zimene amadziwa. Za nkhukuzo, akuti mawu anga amawamva kwambiri ndikamazipirikitsa pa mphale.

Ndi munthu woleredwa bwino, sindikukana. Koma Fanuwelo sanapemphe nkhokwe.

Lachitatu

Ndatuma Esinati ndi zokonza, ndamuuza azibwereze pamaso panga mpaka aziloweze.

Pakhale thupi la munthu, lovala bulauzi yanga yopita nayo ku tchalitchi.
Maso awiri, ofanana.
Mphuno ngati ya Esinati, koma yocheperako.
Mpata wanga wa m'mano uoneke, malemu bambo awo anandikondera womwewo.
Nkhuku iyayi!

Madzulo chabwerera. Nkhokwe yavala bulauzi, mabatani onse alipo. Mpata wa m'mano ulipo, waukulu, ndipo mukulowa njanji ndi sitima yake. Esinati akuti, "Akuti malo opanda kanthu amaoneka ngati munthu walephera kumaliza ntchito." Nkhuku yachoka mu mtambo, yakhala pa phewa. Maso ndi awiri ndithu, ofanana, koma ndi a ng'ombe.

Sitimayo ndi yokongola, ndisaname. Utsi wake ngati weniweni.

Lachinayi

Lero ndalakwitsa ndine. Ndauza Esinati kuti akanene kuti nkhope ikhale yaulemu, ya munthu wamkulu woopedwa. Apongozi posowa poonera atenga nsalu yanga ya chipani, ija timavala kokavina, imene ndinayanika pa chingwe.

Mayo ine! Pansi pa duku langa pali nkhope imene dziko lonse likuidziwa. Dzina sindilemba. Pamwamba pa nkhokwe! Sitima ili m'mano! Nkhuku pa phewa! Ndipo nthawi yomweyo anyamata oona makadi a chipani akudutsa pa msewu kupita ku msika.

Ndachigwetsa pansi, ndachikhalira. Anyamata andipatsa moni, ndayankha bwinobwino, kadi ndaonetsa ndili chikhalire. Mmodzi akuti, "Amayi, mwadwala miyendo?" Ndati eya, nyamakazi. Penti anali asanaume. Chitenje changa chabwino chija chapita.

Kwa nthawi yoyamba ndakweza mawu kwa apongozi, ndili kuseri kwa nkhokwe. Ayankha motsitsa kuti, "Pepani amayi, nkhope yaulemu imene inali pafupi ndi yokhayo." Apaka penti wobiriwira pamwamba pake, ndawauza apakenso kachiwiri. Tsamba ili ndiling'amba ndikapeza mphamvu.

Lachisanu

Tsopano ndili ndi nkhope yobiriwira biriwiri, yopanda kanthu, ngati dimba.

A Saidi abwera kudzafunsa ngati katundu wakonzeka. Aseka mpaka kofia yagwa. Akuti tingopha nkhuku, ine ndi apongozi tidyere pamodzi, kuopana kuthe, munthu aone chimene akujambula. Zosavuta kwa iwo! Zimenezo zimafuna achimwene anga, eni mbumba, ndipo iwo ali ku Nselema. Ndikachita ndekha anthu adzati chiyani pa chitsime?

Esinati wabweretsa nzeru ina, akuti galasi. Funso ndi lakuti, kuona apongozi pa galasi ndi kuwaona kapena iyayi? Ndaliganizira tsiku lonse, mpaka ndiwo zapserera. A Saidi akuti, "Amene akuyang'anayo ndi galasi, ndipo galasi silinakwatire mwana wanu." Ndavomera. Galasi langa linasweka chaka chatha, ndiye a Saidi atibwereka kagalasi ka pa njinga yawo. Kakang'ono ngati chivundikiro cha botolo la jamu.

Loweruka

Takhala pansi pa mtengo wa mango, titafulatirana, Esinati pambali atagwira kagalasi. Ndadzola mafuta, ndamanga duku latsopano, ndakhala njo.

Vuto ndi lakuti kagalasiko kakuonetsa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Diso lokha. Khutu lokha. Apongozi akujambula chilichonse mosamala kwambiri, koma sakudziwa kuti chimalumikizana pati ndi chinzake.

Mwadzidzidzi dzanja la Esinati lapendekeka, diso langa lakumana ndi diso lawo. Tonse tadumpha! Iwo akuti pepani, ine pepani, iwo pepani kwambiri, burashi yagwera mu mchenga. Kani ali ndi ndevu! Zaka zonsezi ndikukhala ndi munthu wa ndevu pa mudzi, wondiuza palibe.

Zotsatira zake:
Diso la kumanzere lili m'mwamba, likuseka.
La kumanja lili pansi, ndi lalikulu chifukwa galasi linayandikira.
Mphuno ziwiri, popeza ndinayetsemula n'kusuntha.
Khutu likuyandama palokha ngati mwezi.
Pakati pa chipumi pali bango lakupsa, pamene mkono wa Esinati unatopa n'kuloza mu mtengo.

Ndati tikonze. Penti watha. Wotsala ndi wofiira yekha, ndipo wofiira ndakana.

Lamulungu

Potuluka ku tchalitchi amayi anzanga abwera kudzaona. Ena akuti ndi chithunzi cha maloto a munthu wodwala malungo. Mmodzi wayang'anitsitsa, akuti, "Koma khutulo ndi lanu ndithu." N'zoona. Chilichonse pamenepo ndi changa, kungoti chinabalalika. Apongozi ndawatumizira dzungu lalikulu, agwira ntchito ndi mtima wonse.

Ndachikulunga m'pepala la thumba la simenti, ndamanga ndi luzi mbali zonse. A Saidi ndawapempha asachitsegule pa malire, angawabweze. Mkatimo ndaikamo mawu awa:

"Fanuwelo mwana wanga, uyu ndine amayi ako. Anajambula ndi alamu ako, usawaseke. Ukandizindikira, chabwino, chipachike. Ukapanda kundizindikira, palibenso chithunzi china kuno, ubwere udzaone wekha. Undiyankhe Khirisimasi isanafike, ndidziwe ngati ndizire chipinda chako."