Khofi wa Alendo a ku Balaka

Lolemba
Ndalandira paketi ya khofi! Wanditumizira mtsikana amene ndinamuphunzitsa sitandade 6, pano akugwira ntchito kumpoto. Ndang'amba pakona pang'ono chabe, nyumba yonse yasintha. Zaka makumi asanu ndili padziko, mphuno yanga sinamvepo zotere.

Loweruka kukubwera alendo a ku Balaka kudzafunsira mbeta Esinati, mwana wa mlongo wanga. Woyankhula mbali ya kuchikazi ndine. Malume a mnyamatayo akuti ndi a muofesi paboma. Adziwe kuti ku Nsanama kulinso anthu.

Zochita:
kuphunzira kaphikidwe,
kubwereka makapu ofanana,
kusauza aliyense.

Lachiwiri
Kuyesa koyamba. Masupuni atatu m'kapu, madzi otentha, kutakasa. Sakusungunuka! Ndatakasa mpaka mkono kuwawa. Ndamwa choncho, masese ali tho m'mano. Mayi a kunyumba andiyang'ana nthawi yaitali: "Abambo, mwayamba kudya dothi ngati wapakati?"

Kuwawa ngati mankhwala a malungo. Koma ukameza, kumabwera kukoma kwina kumbuyo, mochedwa. Anatulukira zimenezi ndani?

Lachitatu
Ndasefa ndi mpango watsopano. Tsopano watuluka wakuda bii, wonyezimira. Makapu atatu mimba ili yopanda kanthu.

Kusukulu ndaphunzitsa masamu a sabata yonse belu la buleki lisanalire. Choko chathyoka kanayi. Mtima ukugunda ngati chigayo cha dizilo. Ahedi andiitanira pambali, kundinunkhiza mochenjera: "Aphunzitsi, zonse zili bwino kunyumba?"

Ndikuopa, koma ndikufunanso wina.

Lachinayi
Chinsinsi chaululika, fungo silidziwa mpanda. Ndili pakhonde, atulukira Che Saidi, nkhalamba yoyandikana nafe. Zaka khumi ndi ziwiri timangopatsana moni basi. Aima pafupi ndi mbaula, chipewa m'manja: "Kahawa ameneyu?"

Ndawathirira. Sakumwa. Agwira kapu ndi manja awiri, maso otseka. Kenako ayamba kuyankhula. Akuti ali mnyamata ankakonza njanji ku Nkaya ndi akulu awo, ndipo m'mawa uliwonse ankamwera chitini chimodzi cha kahawa wothira jinja. Akulu awowo anakwera sitima ya ku Mozambiki, sanabwerenso. Palibe kalata, palibe manda.

Maola awiri! Misozi ikutsikira m'ndevu, khofi wazizira m'manja. Ine kukamwa yasa. Munthu ameneyu ndinkamuyesa wosayankhula.

Lachisanu
Che Saidi abweranso akuchokera ku mapemphero a Juma kumzikiti, ndi anzawo anayi. Ungabweze bwanji akuluakulu atavala mikanjo yoyera? Abweretsa jinja wawo. Akuti ndimalakwitsa: kapu ikhale yaing'ono, shuga pang'ono, ndipo osamwa wekha. Awiri mwa iwo anakanganapo malire a munda, lero akulandizana kapu imodzi.

Ketulo yabwerera pamoto kanayi. Mayi akundikodola pawindo, ine ndikuchita ngati sindikuona. Paketi yapepuka moopsa.

Loweruka
Zotsala: masupuni awiri.
Alendo: asanu ndi awiri.
Makapu ofanana: atatu.

Ndathira madzi. Ndathiranso. Wafiirira mpaka pansi pa kapu kuoneka. Ndapereka kwa alendo. Malume a paboma, a taye ndi nsapato zowala, apsontha kawiri, agwedeza mutu: "Tiyi wabwino uyu, achimwene. Masamba ake ndi a ku Thyolo?"

Ndavomera kuti eya, ndi a ku Thyolo.

Nkhani yeniyeni yayenda bwino. Mnyamatayo ndi waulemu, Esinati wamulola pamaso pa tonse. Alendo ayamikira kwambiri thobwa la mayi, atenganso lina m'botolo.

Lamulungu
Paketi ili mbee. Ndainunkhiza ndisanapite kutchalitchi, ndainunkhizanso pobwera. Mayi akufuna asungiremo nthanga za maungu. Atenge.

Ku Balaka ndidzadziwika mpaka kalekale ngati malume a tiyi wamadzimadzi. Chabwino.

Masana Che Saidi afika atanyamula mpando wawo. Ndawauza kuti kahawa watha. "Iyayi, thirani tiyi yemweyo," atero, "Lachinayi nkhani yanga ya kunjanji ija ndinailekezera pa mlatho."

Mayeso a ana makumi asanu ndi atatu akudikira kuchongedwa. Ndayatsa mbaula.