Tambala amene ndinagulira apongozi

Pali zinthu zina munthu umazichita tsiku limodzi lokha, koma manyazi ake umayenda nawo zaka. Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, moti ngakhale anzanga amene timaphunzitsa limodzi saidziwa. Lero ndingoiulula, mwina mtima ungapepukeko.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito yauphunzitsi inanditaya kuno ku Nkhotakota, pasukulu ina kutsidya kwa mtsinje wa Bua. Kuno ndi kumene ndinapeza mkazi, mwana wa a Saidi a ku Chia, bambo wachisilamu wosaphonya swala. Ine ndine wa kutchalitchi. Za mmene ukwati wathu unayendera tisakambe zambiri. A Saidi sanaletse, koma sanasekererenso. Tikapita kwawo ankandilandira mwaulemu wonse, koma kwa zaka zitatu pakhomo panga sanapondepo, ngakhale madzi a m'nyumba mwanga anali asanamwepo. Sindinkanena, koma zinkandiwawa.

Titakhala ndi mwana wathu woyamba, Tadala, uthenga unafika woti Loweruka chakumadzulo akubwera kudzaona mdzukulu, ndipo adzadya. Akazi anga anasesa mpaka kuseri kwa bafa. Vuto linali ndiwo, chifukwa chitopa chinali chitapululutsa nkhuku m'mudzi monse. Choncho anandituma ku boma ndi kapepala ka zogula.

"Nkhukuyo mubwere nayo yamoyo, bambo a Tadala," anatero. "Yamoyo. Adzazinga okha ababa. Ndipo muigule pomalizira, mukatha zina zonsezi."

Amene simunakhaleko kuno, dziwani kuti Msilamu sadya nyama yozinga munthu wamba, ndipo yofa yokha ndiye haramu yeniyeni, yoletsedwa kotheratu. Ngakhale ife akutchalitchi, tikafuna kupha mbuzi yapaukwati timaitana mnzathu wachisilamu kuti adzazinge, kuti aliyense adye momasuka. Zonsezi ndinkazidziwa bwino. (Ndimaziphunzitsanso kwa ana m'kalasi, ndi choko m'manja.)

Lowerukalo ndinafika ku boma m'ma eyiti m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa litayamba kale ukali. Nditangotsika minibasi, maso anga anagwera pa tambala wofiira amene bambo wina ananyamula panjinga. Anali tambala wa lipombo loimirira, wolemera ngati mwana wa mbuzi. Mumtima ndinati uyu ndikamusiya, wina amutenga, ndipo apongozi adzaona kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wogula timisoti. Ndinamugula pomwepo. Malangizo a akazi anga anatha mphindi zisanu zokha.

Ndiye ulendo unayambika, ine ndi tambala wanga m'khwapa. Kwa wokonza mafoni anandiuza kuti ndidikire pang'ono, ndipo pang'onopo panakwana ola lathunthu. Kogulitsa nsalu mayi wogulitsayo anandiyang'anitsitsa chifukwa tambala anasiya chizindikiro pakhonde. Pasitolo yaikulu, pomwe ndinkafuna shuga, masamba a tiyi ndi mafuta a mwana, mlonda anandiimitsa pakhomo.

"Akulu, mnzanuyo atsale panja."

Ndinamumangirira pamthunzi wa chipupa. Chimene ndinaiwala n'chakuti mthunzi umayenda. Potuluka ndinamupeza ali padzuwa, kukamwa yasa, mapiko atatambasula. Munthu wanzeru akanapempha madzi n'kuthamangira kudepoti. Ine ndinadziona pagalasi la sitolo n'kuona kuti tsitsi langa silinali loonekera nalo kwa apongozi. Ndinalowa mometera, ndipo mmenemo munali mkangano wa mpira umene sukanatha bwino popanda maganizo anga.

Nthawi itapitirira thwelofu m'pamene ndinakwera minibasi ya ku Dwangwa. Kondakitala anati yatsala ndi anthu awiri kuti inyamuke. (Anthu awiri amenewa sindikudziwa ngati anabadwa.) Tinazungulira tauni yonse kuwasaka: kumsika, kumphambano, kuchipatala, kubwereranso kumsika. Malo ena ndinawaona katatu mpaka ndinayamba kupereka moni kwa ogulitsa chinangwa. Ine ndinakhala pampando wa kuseri kwa dalaivala, paja pamatentha ndi injini, ndipo tambala ndinamulowetsa pansi pa mpando kuti asadetse thalauza langa. Kenaka wina anakweza thumba la mpunga n'kulitsamiritsa pomwepo.

Titayandikira Bua, mayi wina wogulitsa usipa amene anakhala pambali panga anandigwira pamkono.

"Achimwene, nkhuku yanu ija yangoti zii bwanji?"

Ndinamukoka miyendo. Khosi linali lende, maso atatseka. Ndinakuwa kuti galimoto iime, ndipo dalaivala anaima poganiza kuti wina wakomoka. Mayi uja anakhuthulira usipa wake pachitenje n'kundipatsa beseni.

"Muvindikireni, muziomba pamwamba! Amadzuka!"

Kumudzi timaterodi ndi anapiye akakomoka. Ndiye taganizani mphunzitsi wometa bwino, atagwada m'mbali mwa msewu waukulu, akuomba beseni ngati ng'oma, anthu odzaza minibasi akumulangiza pawindo. Wina ankati ndiombe mwamphamvu, wina ankati ndimuuzire mpweya kukamwa. (Ndinamuuziradi. Tisabise.) Nditavundukula kachitatu, bambo wina wachikulire wovala kofia anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, ameneyo wapita. Tiyeni tizipita nafenso."

Nditatsika pasiteji yathu ndinaima ndekha pansi pa mtengo wa mango, tambala wakufa m'manja. Kubwerera ku boma nthawi inali itatha. M'mudzi munalibe nkhuku ngakhale imodzi. Apongozi anali m'njira. Apa m'pamene ndinachita chinthu chimene chimandichititsa manyazi koposa beseni lija. Ndinagula lezala pakawokala, ndinalowa m'munda wa chinangwa, n'kumucheka pakhosi tambala wofa kale. Magazi anangotuluka timadontho tiwiri.

Kunyumba ndinafika ndi nkhani yokonzeka. Ndinati tambala anayamba kufooka ndi kutentha, ndiye ndinathamangira naye kwa shehe wina pafupi ndi msika kuti amuzinge asanafe. Akazi anga anamutembenuza uku ndi uku.

"Nanga nyamayi yadera chonchi bwanji?"

"Dzuwa limenelo, mayi a Tadala. Kunja kukuotcha."

Anandiyang'ana kanthawi, koma ntchito inali yambiri, ndipo anapita naye kukhitchini.

A Saidi anafika m'ma folo, atavala mkanjo woyera. Anamunyamula Tadala, anamunong'oneza mapemphero m'khutu, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka mmene ndinali ndisanaionerepo. Chakudya chitafika pamkeka, mpunga, chigwada chotendera ndi nkhuku ija, ine ndinafuna kuzemba monga mkamwini waulemu. Iwo anandiitana.

"Aphunzitsi, bwerani tidyere limodzi. Pano ndi panu."

Ndinakhala pansi. Akusamba m'manja, a Saidi anafunsa, mongocheza, kuti nkhukuyo wazinga ndani. Ndinabwereza za shehe wa kumsika uja. Ndinkayembekezera mafunso: shehe wake uti, wa mzikiti uti, wooneka bwanji. Mayankho ndinali nditawakonza kale m'mutu. Koma iwo anangogwedeza mutu.

"Mwachita bwino, mwana wanga. Mwatiganizira."

Mawu amenewo ndi amene anandimaliza. Akanandikayikira, ndikhulupirira ndikanalimbikira bodza langa mpaka mbale kuyera, chifukwa ine pa mkangano sindigonja msanga. Koma munthu amene ndinkaganiza kuti sandiwerengera anali atangolandira mawu anga osawayesa n'komwe. Anati Bisimilai, natambasula dzanja kutenga nthutumba, imene akazi anga anawaikira pamwamba monga mlendo wolemekezeka. Ndinawagwira dzanjalo. Mkamwini kugwira dzanja la apongozi m'mbale!

"Bambo, musadye. Tambalayu anafa yekha m'minibasi. Ndinamucheka ndine, ndi lezala, atafa kale."

Akazi anga, amene anagwada chapatali ndi jagi ya madzi, anaiika pansi pang'onopang'ono n'kulowa m'nyumba. A Saidi anabweza dzanja, anasambanso, kenaka anakankhira mbale ya nkhuku kumapeto kwa mkeka. Sanakweze mawu.

"Mukanakhala chete, ine ndikanadya, ndipo Mulungu sakanandifunsa kanthu, poti sindinadziwe. Katundu yenseyo akanakhala wanu." Kenaka analoza mbale inayo. "Chigwadachi chaphikidwa mumphika wina?"

Ndinati eya. Anadya mpunga ndi chigwada mpaka kumaliza, ine ndikungotola timbewu ta mpunga ngati wodwala. Potsanzika anandigwira chanza monga mwa masiku onse, osawonjezera, osachotsera. Akazi anga sanandilankhule masiku awiri, ndipo mphika umene unaphika tambalayo anaupereka kwa aneba.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi kambirimbiri. Kufa kwa tambala kunali kupusa wamba, kwa munthu wosamva za mkazi wake, ndipo kumeneko ndimaseka nako. Koma za m'munda wa chinangwa zija sindiseka. Ndinkafunitsitsa kuti bambo aja adye m'nyumba mwanga, moti ndinali wokonzeka kuwadyetsa chinthu chimene akhala akuchipewa moyo wawo wonse. Ndinkati ndikuwalemekeza, chonsecho ndinkangofuna kuti ine ndioneke bwino.

Masiku ano a Saidi amabwera pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo amadya. Timakhala pamkeka umodzi, timakamba za mpunga ndi za mvula. Koma nkhuku amabwera nayo okha kuchokera ku Chia, minibasi ziwiri, ataiika pamiyendo. Ulendo wathawu ndinakawachingamira pasiteji, ndipo ndinatambasula manja onse awiri kuti ndiwalandire. Anandipatsa chikwama, anandipatsa ambulera, anandipatsanso kathumba ka mpunga. Nditafikira nkhuku, anaipanira m'khwapa.

"Iyi ndinyamula ndekha, aphunzitsi. Kunjaku kukutentha."