Kadontho ka a Overtoun

Inu, tasunthani pang'ono ndikhale, ndikuuzeni za a Overtoun ndi kadontho ka pa foni. Ena mwa inu mumawadziwa: abambo a ku Dedza aja amene boma linawatumiza kuno ku Mzuzu, aatali, ovala taye ngakhale Loweruka, oyenda ngati msewu anaulambula okha. Akazi awo anamwalira kale, ndipo mtima wawo unali utagwera mayi Mervis a ku Nkhorongo, ogulitsa zitenje mumsika, amene amaimba nawo kwaya imodzi kutchalitchi.

Vuto la a Overtoun linali pakamwa. Tsiku lina mayi Mervis atawafunsa kumene amakhala, iwo anayankha osaphethira n'komwe kuti, "Ku Kaning'ina, nyumba ya geti lakuda." Kumenekotu n'kwa anthu olemera. Chonsecho munthuyo amachita lendi ku Ching'ambo, kuseri kwa nyumba ya mayi Dinah, kumene mvula ikagwa achule amalowa m'nyumba osaodira.

Ndiye kunabwera ukwati wa mnzawo wa kwaya ku Lilongwe. A Overtoun anati basi, mpata ndi umenewu: ulendo wautali, mipando yoyandikana, pofika pa Jenda mawu ofunsira adzakhala atatuluka. Anasungitsa malo awiri pa shato, timagalimoto tamakono tija. Kale, mukudziwa, umapita kudepoti, oitanira n'kukukoka wina mkono uku wina mkono uku, koma panalibe wokufunsa kumene wagona. Lero mpando ndi pa foni, kulipira ndi pa foni, ndipo galimoto imadzakutenga pakhomo pako. Pakhomo pako! Apa m'pamene thukuta linayambira.

Dalaivala, dzina lake Vitumbiko, analemba pa gulu la watsapu la okwera onse: "Monire mose. M'mawa aliyense atumize lokeshoni pano, yewo."

A Overtoun anali asanatumizepo lokeshoni chibadwire. Kufunsa? Munthu wa taye afunse? M'mamawa anakwera sakaramento, njinga zathu zakabaza zija, mpaka ku Kaning'ina, n'kukaima pa geti lakuda la munthu amene sankamudziwa n'komwe. Anadina apa, anadina apo. Tamverani, pamenepo pamakhala zosankha ziwiri. China chimatumiza malo amene waima, nkhani n'kuthera pomwepo. Chinacho chimatumiza kadontho kamene kamakutsata kulikonse, onse a pa gulu akuonerera. A Overtoun anadina chachiwiricho, n'kubweza foni m'thumba monyadira.

Asanakonze n'komwe taye, galimoto ina inadutsa mothamanga n'kuwathira matope ofiira kuyambira pakhosi mpaka pa lamba. Kufunsira mkazi ukuoneka ngati mbatata yongokumba kumene? Ayi ndithu. "Lokeshoni ndatumiza kale," anadziuza, "shato iyambira ku Nkhorongo, nthawi ilipo." Anaitana sakaramento ina, ulendo wobwerera ku Ching'ambo kukasintha malaya.

Nthawi imeneyo n'kuti mayi Mervis atakwera kale, mpando wapambali pawo ukudikira mwini wake. Kumbuyo kunali mdala wina, a Zebedee, amene maso awo sachoka pa foni.

"Adalaivala," anatero a Zebedee, "kadontho ka bwana wa ku Kaning'ina kakuyenda."

"Kakupita kuti, adada?"

"Kakutsetsereka. Kakhota. Aaa, kalowa mu Ching'ambo!"

"Mwina foni yabedwa," anatero mayi Mervis.

"Ndiye wakubayo ndi wofatsa chomene, amama. Walowa m'nyumba ina, sakusunthanso."

Vitumbiko anapukusa mutu. "Ine abwana anga amaona pa kompyuta pamene galimoto ili. Anandiuza kuti ndizitsata kadontho, osati nkhani za anthu. Kadontho kali ku Ching'ambo, ifenso ku Ching'ambo."

Kunyumba a Overtoun anapeza magetsi atazima. Anakoleza makala, kukupiza, kuthira mu simbi, kusita malaya ena, kumanga taye ina, kenako liwiro. Chikwama chawo, mmene munali mafuta onunkhira ogulira mayi Mervis, anachiiwala pakhonde. Iwo akutulukira kanjira kakuseri, shato n'kuti ikulowera kumaso, ndipo inangofika pakhomo pa mayi Dinah n'kutitimira m'matope mpaka matayala kubisika.

Atafikanso ku Kaning'ina, a Overtoun anaima bwinobwino, dzanja limodzi pa geti ngati mwini wake amene wangotseka kumene. Anadikira, anadikira, mpaka mtima unawawa. Anaimbira dalaivala. Vitumbiko manja anali matope okhaokha, choncho anangodina kuti foni izilankhula mokweza, galimoto yonse ikumva.

"Achimwene, bizinesi mumaitenga ngati masewera? Ine ndaima pa geti panga kuyambira m'mawa!"

"Bwana, ife tili pakhomo panu. Tatitimira. Alandilodi anu ndi amene akutithandiza kukankha."

Asanayankhe, anamva mawu amene amawamva tsiku lililonse, mawu a mayi Dinah, amene ngakhale popanda foni amamveka mpaka kutali ku Katoto.

"A Overtoun! Mwasiya simbi ili ndi moto pa mphasa, mukufuna mundiotchere nyumba? Chikwama chanu ndapatsa amayi okongolawa. Makabudula anu am'kati ndaanula, mvula ikubwera!"

Inu, munthu akhoza kufa ali chiimire. Ndipo nthawi yomweyo geti lakuda lija linatseguka, n'kutuluka mlonda ndi chigalu chachikulu ngati mwana wa ng'ombe.

"Adada," anatero mlondayo, "m'mawa munabwera kudzajambula geti ili ndi foni. Pano mwabweranso, mukuligwiragwira. Mukuyeza chiyani?"

A Overtoun anati afotokoze mwaulemu, monga wogwira ntchito m'boma, koma galuyo analibe nthawi ya misonkhano.

Shato itazuka m'matope, mitu yonse inali itaweramira mafoni, ndipo a Zebedee ankaulutsa ngati mpira wa pa wailesi.

"Kanyamuka! Kakuthamanga! Amama, bwana wanuyu ali ndi liwiro chomene! Kakhotera kumanzere! Kalowa m'nkhalango!"

"Kenako?" anafunsa Vitumbiko akusintha giya.

"Kaima."

"Wagwa?"

"Yayi. Kadontho kakaima chonchi pakati pa mitengo, ndiye kuti kali m'mwamba."

Ndi mmene anawapezera: pa nthambi ya mtengo wa paini m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina, thalauza itang'ambika kumbuyo, taye ili paphewa, galu atakhala pansi akudikira moleza mtima. Vitumbiko anapepesa kwa mlonda m'Chitumbuka, galu anamangidwa, ndipo a Overtoun anatsika n'kulowa mu shato chammbali kuti kumbuyo kusaoneke. Palibe anaseka mokweza. Anthu ankangotsokomola, ndipo kutsokomolako kunkapweteka kuposa kuseka.

Anakhala pafupi ndi mayi Mervis, amene anali atanyamula chikwama chija pamiyendo. Manyazi amene anawagwira a Overtoun, ngakhale ine wosimbane ndimawamvera chisoni. Mumtima anati zatha, mkazi uyu ndamutaya chifukwa cha geti la eni ake. Shato inatuluka mu Mzuzu. Anadutsa Chikangawa iwo akungoyang'ana mitengo pa windo ngati sanaonepo mtengo tsiku limenelo.

"Nyumba yanu ndaiona," anatero mayi Mervis mwadzidzidzi.

A Overtoun anatembenuka, ndipo mayiwo anapitiriza.

"Mayi Dinah akuti pabwalo mumasesa nokha, nyemba mumaphika zokoma, ndipo chibwerereni sanaonepo mkazi akulowa pakhomo panu. Za geti lakuda zija ndinkadziwa kale. Amayi a m'nyumba imeneyo ndi kasitomala wanga, zitenje ndimakawasiyira ndekha."

"Ndiye... ndiye bwanji simunanene?"

"Ndimafuna ndione kuti mudzandilowetsa bwanji. Tsopano nenani chimene munandisungira mpandowu, Jenda yayandikira."

Ananena. Mwachibwibwi, thalauza yong'ambika, a Zebedee atatchera khutu kumbuyo, koma ananena.

"Ndamva, ndipo ndavomera," anatero mayi Mervis. "Koma chinthu chimodzi, adada. Kadontho aka ndakakonda chomene. Kaziyaka tsiku lililonse."

Ukwati wawo tinavina, ndipo amakhala ku Ching'ambo komweko mosangalala, achule ndi onse. M'mawa uliwonse a Overtoun asanamange taye, mayi Mervis amatenga foni n'kuyatsa okha kadontho kaja. Masiku ano mumsika amauza aliyense kuti amuna awo asanduka munthu wa mapemphero, Lachisanu lililonse akaweruka kuntchito kadontho sikachoka kutchalitchi.

Ndiye inu, mukapeza foni yagona yokha pa benchi lakumbuyo kutchalitchi kwathu, chonde musaitole. Lero ndi Lachisanu, ndipo eni ake ndi awo akhala pakonawo m'bala muno, a taye, akutikodola kuti tiwonjezere botolo lina lozizira.