Tsiku Limene Ndinadzoza Kandege ka Tadala

Mpaka lero ndikapita kukacheza kwa mwana wanga Tadala ku Manchester, chikwama changa amandilanda pakhomo n'kuchiika pamwamba pa kabati. Sindidandaula. Ndinaziputa ndekha.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Wakefield, koma kutchalitchi kwathu amandidziwa ndi kabotolo ka mafuta a olivi amene abusa anawapempherera. Munthu akagula galimoto, ndimaidzoza. Akapeza nyumba ya lendi, ndimadzoza zitseko. (Ngakhale makina ochapira a mnzanga wa ku Zambia ndinawadzoza, ndipo akuchapabe.) Choncho musafulumire kundiweruza.

Tadala amachita kafukufuku pa yunivesite, wa ndege zothamanga kasanu kuposa liwiro la mawu, zina kupitirira apo. Akuti pa liwiro limenelo mpweya umawotcha mphuno ya ndege mpaka chitsulo kufewa, ndiye iyeyo amafufuza kumene kutenthako kumagwera kwambiri. Amayesera m'chipaipi chachikulu chophulitsa mphepo. Chipaipicho n'chimodzi, ophunzira ndi ambiri, aliyense amadikira tsiku lake. La Tadala linali litafika, ndipo likanati liphonyeke akanabwerera kumchira kwa mzere, pomwe thandizo la ndalama limene ankaphunzirira linali pafupi kutha. Mwana anali atawonda, maso atalowa m'kati.

Ndinamuumiriza mpaka anandipezera chilolezo choti ndikaonerere mayesowo ngati mlendo. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, ndinakwera sitima ya ku Leeds, kenako ya ku Manchester, njira yonse ndikuganiza za chindege chodzaza bwalo la mpira. Nditalowa anandionetsa kachitsulo kosongoka, kotalika ngati chinangwa, kopakidwa penti yotuwa.

"Ndege ija ndi imeneyi?" ndinafunsa.

"Ndi model, Mum, kachifaniziro chabe. Pentiyi imawala mosiyana malinga ndi kutentha, ndiye kamera imajambula. Yanditengera sabata yonse kupaka ndi kuumitsa. Please, musagwire chilichonse."

Anandikhazika pakampando. Iye ndi Gary, mzungu wandevu woyang'anira makinawo, anapita kuseri kukaona mathanki a mpweya. Ndinatsala ndekha ndi kandege kaja, kali m'chipaipimo pa chogwirira chake, kachitseko kali chitsegukire.

Poyamba ndinakhala mwaulemu, manja pamiyendo. Koma kandegeko kankandimvetsa chisoni. Kanthu kakang'ono chonchi kakakumane ndi moto popanda pemphero? Mwana wanga wagona ndi njala kangati chifukwa cha kameneka? Ndinadziuza kuti Tadala waletsa kugwira, koma za kudzoza sanatchule. (Ndikudziwa. Inenso ndikumva mmene zikumvekera.)

Ndinanyowetsa chala chachikulu ndi mafuta, ndinalemba kamtanda pamphuno pake, n'kupemphera chamumtima. Nditatsegula maso, kamtandako kankanyezimira moonekera patali. Ndinapukuta ndi nsonga ya mpango wanga, mafuta anangofalikira. Ndiye ndinachita zimene mayi aliyense amachita mwana akamatuluka m'nyumba ndi phala patsaya: ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kutikita. Kunyezimira kunachepa. Nditamva mapazi ndinabwerera pakampando, nkhope ili ya kutchalitchi.

Gary anatseka kachitseko osasuzumira, poti anali atakayang'ana kale. Anatipatsa zotseka m'makutu, anawerenga chobwerera m'mbuyo, kenako kunamveka kuti phuu, pansi n'kugwedezeka. Basi zinathera pomwepo. Kuphethira kumachedwa. Ine ndinati ameni.

Zithunzi zitatuluka pa kompyuta, tonse tinasendera pafupi. Kumbuyo kwa kandege mitundu inali yosalala bwino, koma pamphuno panali chibanga chokhala ndi michira yolowera cham'mbuyo, mmene mphepo inakokera mafuta aja. Pakati pake, ukayang'anitsitsa, panali kamtanda.

Gary anakanda ndevu. Anaitana aphunzitsi a Tadala, mayi wamtali wodekha, amene anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti zoterezi sanazionepo. Ine ndinali kuyang'ana nsapato zanga, kwinaku ndikuganiza za sitima yobwerera. Kunena zoona, ndinali nditatsimikiza kukhala chete mpaka ku Wakefield.

Kenako ndinamva Tadala akuyankhula. Ankawauza kuti wolakwa ndi iyeyo, mwina sanatsuke bwino chitsulo asanapake penti, amukhululukire powatayitsa tsiku. Chingerezi changa n'cha kuntchito, koma mwana wako akamasenza mlandu wosakhala wake umamva m'chinenero chilichonse. Manyazi ndinali nawo, koma chisoni chinaposa.

Ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu, n'kutulutsa kabotolo.

Gary anakatsegula, ananunkhiza, n'kufunsa mwaulemu ngati anali extra virgin, mafuta apamwamba ophikira aja. Aphunzitsi aja anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Tadala sanaseke.

"Amayi," anatero, ndipo akasiya Mum n'kunena kuti amayi ndimadziwa kuti zavuta, "sabata yonse ija."

"Ndimafuna kuti zikuyendere, mwanawe."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikusowa woti ndimukalipire."

Bola akanandikalipira. Mawu amenewo ndinayenda nawo m'sitima zonse ziwiri.

Penti yonse anachita kuipala n'kuyambiranso. Aphunzitsiwo anamupezera tsiku lina, koma linagwera m'sabata imene tinayenera kupita limodzi ku Dedza, ku ukwati wa msuweni wake amene anakula naye. Ulendo wake unafera pomwepo. Masiku otsatirawo ndikamulembera pafoni ankangoyankha kuti ok, ndipo ine kabotolo kaja ndinakaponya m'dirowa ya masipuni.

Litatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke, anatulukira ku Wakefield osandiuza. Anandithandiza kulongedza mphatso m'sutikesi, tikuyankhula za nyengo ngati anthu okumana pa siteji ya basi. Titatseka zipi anaima patsogolo panga, n'kukankhira tsitsi lake m'mbuyo.

"Kabotolo kaja kali kuti?"

"Ndinakasiya, mwanawe. Ndinaphunzira."

"Katengeni. Dzozani pano," anatero akuloza pachipumi. "Ine sanandipake penti."

Ndinamudzoza misozi ikulengeza. Mayeso aja anadzayenda bwino ine ndili ku Dedza, ndipo mpaka pano sitigwirizana ngati chinathandiza ndi mafuta kapena kutalikira kwanga. Koma tsikulo pachala panatsala timafuta pang'ono, ndipo maso anga anagwera pa chikwama cha laputopu yake, chili pansi pafupi ndi mpando. Iye anangochikankhira kunsi kwa tebulo ndi phazi.